Kamwala Komwe Kanaletsa Agogo Kulandira

Uthenga unandipeza ndili m'chigafa, ndikusoka fodya, manja atada bii ndi utomoni. Foni inalira pamfundo ya chitenje pomwe ndimaimangirira, ndipo pomwe ndimamasula mfundoyo ndi mano inalira, inasiya, inayambanso. Anali Tadala, mdzukulu wanga wa ku Mponela, mwana wa Rozina. Mwana ameneyu kuyambira mvula zoyamba wakhala akuyenda atavala masiki ngati mliri uja udakalipo, osaseka, osapita ku kwaya, ukamufunsa kanthu n'kumayankhira kumbali. Mnyamata amene akufuna kumukwatira anachita kupalasa njinga mpaka kuno kudzandifunsa ngati Tadala wamukana mwaulemu. Amake ndiwo anatulukira nkhani yake. Mwana anayang'ana pagalasi, anaona zoyera kukhosi, m'kamwa mukununkha, n'kufunsa foni yake, foni n'kumuuza kuti mwina ndi khansa. Anakhala nazo yekha mpaka amake anam'kokera ku chipatala ku Madisi.

"Agogo, si khansa," anatero, mawu akuchita kuvina. "Akuti ndi timiyala chabe ta kukhosi. Akuti ndizichukucha ndi madzi amchere."

Ndinaimba nthungululu m'chigafa momwemo, nkhuku zinabalalika, mbuzi inadula chingwe. Ndinavina ndi masamba a fodya m'manja, kuvina kwa mawondo akale awa, ndinazungulira nkhokwe, ndinazungulira bafa, ndinabwerera pankhokwe. Kenako ndinakhala pansi phwata n'kuyamba kuseka mpaka misozi, chifukwa timiyala timeneto ndimatidziwa. Kang'ono, koyera, konunkha. Pabanja pathu ndi mlendo wakale ameneyo, ndipo akabwera amabwera ndi mnzake, kubisa.

Ndikawatchula agogo aNankhoma, amayi a amayi anga, anthu amayembekeza kuti ndinena za fungo la mtedza wokazinga, kapena la nkhwani zopsa ndi chidulo. Zimenezo zinalipo. Koma ine ndinkagona nawo mphasa imodzi, mutu wanga uli pansi pa chibwano chawo, ndiye fungo limene limandibwerera ndi lina, la dzira losukusa lomwe nkhuku yalisiya m'chisa. Silinkabwera masiku onse. Linkabwera, linkakhala, linkachoka, ngati apongozi. Komatu anali mayi aukhondo, mswachi sunkachoka pakamwa pawo m'mawa, mano ali mbee, bwalo losesa mpaka nyerere zinkachita manyazi kudutsapo. Ndipo anali ndi mawu. Akayamba nyimbo pamtondo, amayi a tsidya lina la dambo ankasinja motsatira iwo. Kutchalitchi nyimbo sinkayamba aNankhoma asanaiyambe.

Agogo anabatizidwa kale, nthawi imene lamulo linali lakuti wofuna kulandira ukaristia asalawe kanthu chigonereni mpaka Misa. Lamulo limenelo linadzasinthidwa, anati ola limodzi lokha likwanira, koma agogo ankati kumeneko ndi kupeputsira achinyamata aulesi, iwo sangasinthe pangano ndi Mulungu atakalamba. Lamlungu tinkadzuka kunja kukali chisisira, mimba zili gwaa, n'kuyamba ulendo wa ku mishoni, udzu wa mame ukutikwapula m'miyendo, mapiri a ku Ntchisi ali kumbuyo kwathu atafunda nkhungu. Agogo patsogolo, akuimba, kolona m'khosi, nsapato m'manja kuti zisathe.

Panali chitunda chimodzi chomaliza, ukachikwera umaona denga la tchalitchi. Pamenepo nyimbo ndi phuma zinkakumana, agogo ankatsokomola, ndipo nyimbo inkaduka pakati ngati ulusi. Ankaima, ankalavulira pachikhatho, ankayang'ana. Kang'ono, koyera, ngati kambewu ka mphale yophika. Kwa agogo nkhani inali yosavuta kuweruza. Choyera chochokera m'kamwa ndi chimanga, chimanga ndi chakudya, ndipo ngati kamodzi katuluka ndiye kuti kena katsika. Ankati akumva kukoma kwake pa lilime, kukoma koipa, koma kukoma ndithu. Adya. Kusala kwawonongeka.

"Mdyerekezi wandidyetsanso panjira," ankatero, akupukuta dzanja pa udzu. "Iwe Marita, wauza munthu ndikutsina."

Ndiye nthawi yolandira ikakwana, anthu onse ankadzuka kupita kuguwa, mzere uli ndondondo, agogo okha atagwada pamalo pawo, nkhope pansi, dzanja pakamwa. Lamlungu loyamba palibe anaona. Lachiwiri anthu anaona. Pofika nyengo yokolola mtedza, mudzi wonse unali utaona, ndipo aNajere, a nyumba yoyandikana nafe, amene ankakhala kumbuyo kwathu m'tchalitchi, anali ataona kuposa onse. Kuchitsime ankafunsa mokoma mtima, mawu ali pansi koma omveka mpaka kuseri kwa nthochi, kuti kodi tchimo lanji limene mayi wamkulu chonchija akulephera kulinyamula kupita nalo kolapa. Ena anati akutcheza kachasu. Ena anati ali ndi mankhwala pansi pa nkhokwe, taonani mmene mtedza wawo umaberekera.

Agogo anamenya nkhondo yawo okha. Analeka kudya mtedza Loweruka. Kamwala kanabwera. Analeka chimanga chokazinga, analeka mphale, Loweruka ankangomwa phala lamadzimadzi. Kanabwera. Anagona ndi njala kuyambira masana, ndipo pachitunda paja kanabwera ndi mng'ono wake. Anatafuna masamba a gwafa, anatafuna makoko a mandimu. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa bafa atayasamula, kagalasi kosweka m'dzanja limodzi, nthenga ya tambala m'dzanja lina, akudzitokosa kukhosi, maso ali piriwiri, mpaka analavula magazi ndipo masiku angapo kumeza kunali nkhondo. Pomaliza anaganiza kuti chimakoka kamwalako ndi nyimbo, n'kusiya kuimba. Ulendo wa ku mishoni unatalika. M'tchalitchi anthu ankayang'anana, aliyense kudikira mnzake, mpaka aNajere ankayambitsa okha ndi mawu awo aja onga chitseko chopanda mafuta.

Amene anavutika zenizeni ndi agogo aamuna, a Benedikito. Iwo ankadziwa katekisimu pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo panali pakuti munthu wosunga mkwiyo mumtima sayenera kulandira. Akazi awo sakulandira, sakuimba, akamayankhula nawo amatembenukira kukhoma dzanja lili pakamwa. A Benedikito anaphatikiza zimenezi n'kupeza kuti mkwiyowo ndi wa iwo. Anafolera khitchini yomwe inakhala ikudontha chibadwire changa. Lamlungu, agogo sanalandire. Anakonza mpini wa khasu, anatema nkhuni mulu wofika m'chiuno, anatunga ngakhale madzi, amuna anzawo akuwaseka. Agogo sanalandire. Ndiye madzulo ena tikuswa mtedza pakhonde, anakhosomola n'kunena kuti mbuzi ija inagwidwa ndi fisi chaka cha dzana, fisi wake anali ndi miyendo iwiri, ndipo nyama yake inathera pamowa kwa a msuweni awo. Agogo anangoti "Mm," dzanja lili pakamwa. Sabata inayo anaulula kuti mtsuko waukulu uja sanaswe ndi galu, yemwe anamenyedwa popanda chifukwa. Agogo anati "Mm." Sabata ina anaulula kuti tsiku lija anati akupita kumaliro ku Ntchisi, maliro analipodi, koma iwo anathera koonera gule mpaka dzuwa kulowa.

"Palinso china?" anafunsa agogo kuseri kwa dzanja.

"Ndiganize kaye," anatero a Benedikito, thukuta lili kamukamu.

Ine ndinkadziwa zonse, koma ndinkaopa kutsinidwa. Ndipo ndikaganiza lero, ndikuona ngati agogo nawonso sanafulumire kuwamasula.

Zoseketsa zinatha Lenti itafika. ANajere anabwera kudzapempha moto, anakhala pamtondo, n'kukumbutsa agogo mwachikondi kuti Mkhristu wosalandira pa Pasaka amakhala ngati wadzichotsa yekha, ndipo munthu wotere akamwalira, akuluakulu a mpingo amayamba akhala pansi kukambirana ngati kwaya ipite kumaliro ake. Atachoka ndi moto wawo, agogo anayamba kuganizira za maliro awo. Mayi amene anaimbira maliro a mudzi wonse, amene ankati akayamba nyimbo pasiwa ngakhale amuna ankapukuta m'maso, kuti iwo akatsike m'manda mwa zii, anthu akungomva makasu. Ndinaona misozi ikutsika mpaka pachibwano.

"Fungo ndalipirira, manyazi ndapirira," anatero. "Koma maliro opanda nyimbo, ayi."

Lamlungu lotsatira pachitunda paja anachita dala. Anayamba nyimbo yokwera kwambiri, anatsokomola, kanatuluka. Ulendo uno sanapukute pa udzu. Anakaika m'bokosi la machesi, anamanga pachitenje, ndipo Misa itatha anandigwira dzanja kupita pakhonde la nyumba ya ansembe. Abambo mfumu anali munthu wachinyamata, wamtali, waulemu, mkanjo wawo woyera mbee. Agogo anagwada patali, anafotokoza zonse akuyang'ana kumbali, kuti Mdyerekezi amawasungira mphale kukhosi n'kumawadyetsa panjira ya ku Misa, ndipo umboni ndi uwu. Abambo anatsegula bokosi, anayang'ana, anati sakukhulupirira kuti ndi mphale, aone kaye. Anakatola, anakaika pakati pa zala ziwiri. Ndinafuna kuwachenjeza, koma mwana sayankhula pamaso pa ansembe. Anakatswanya, anabweretsa zala pamphuno.

Munthu wa Mulungu anadzigwira, ndiwachitire umboni. Sananene mawu oipa. Anangotseka maso, anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, anatambasula dzanja lija kutali ndi mkanjo ngati si lawo, n'kunena ndi mawu aang'ono kuti chimanga cha mtundu umenewu sanachionepo, ndipo nkhaniyi iyambe yapita kwa asisitere ku chipatala. Tikutuluka pampanda tinamva akuitanitsa sopo.

Asisitere a ku chipatala cha mishoni anali mayi wonenepa, woseka ndi mapewa. Anakhazika agogo pabenchi, anawapanikiza lilime ndi kathabwa, anaunika ndi tochi, n'kundiitana kuti nanenso ndione. Uko kukhosi, mbali iyi ndi mbali iyo, kuli tinyama tiwiri, achipatala amati matonsilo. Anati aliyense ali nato, ndi alonda a pakhosi, koma ta anthu ena tili ndi timaenje ngati chisa cha mavu, ndipo ta agogo tinali ndi timaenje tokwana kusungamo mbewu. M'timaenjemo mumatsakamira mamina otsikira kukhosi, tikhungu tofundukafunduka ta m'kamwa, zotsalira za chakudya, tizilombo tosaoneka n'kumangamo mudzi, zonsezo n'kuumbika, n'kuuma pang'onopang'ono mpaka kamwala. Fungo lija ndi la tizilomboto. Anati si ufiti, si matenda opha munthu, sapatsirana, ndipo si umve ayi, anthu aukhondo amakhala nato. Anati kamwala kakatuluka kokha ndi kutsokomola, zikomo, kapite. Ataona chipsera cha nthenga ya tambala anasiya kuseka, anati zotokosa ndi nthenga, udzu kapena chitsulo zithe lero, pakhosi pali mitsempha yambiri ndipo bala lake limatukusira. Mankhwala ake anati ali m'khitchini mwawo, mchere pang'ono m'kapu ya madzi ofunda, kupendeketsa mutu, kuchukucha kukhosi, kulavula, m'mawa ndi akatha kudya. Mswachi usamathere m'mano, uzifika ndi palilime. Madzi azimwa ambiri, chifukwa m'kamwa mouma ndi momwe timiyala timakonda, ndipo fodya wawo wa m'kabotolo achepetse. Koma pakhosi pakatupa mbali imodzi, pakatuluka magazi, thupi likatentha, kumeza kukavuta kapena khutu likawawa osasiya, asadikire Lamlungu, abwere.

Ine ndinkaona kuti tapulumuka. Koma mwa zonse zimene asisitere ananena, agogo anatolapo mawu atatu okha.

"Zotsalira za chakudya," anatero, akumenya manja pamawondo. "Ndimanena ine. Ndiye kuti ndimadyadi."

Asisitere anayesa uku, anayesa uku, anakweza manja, anati za thupi amaliza, za mzimu tibwerere komwe tachokera. Tinabwerera. Abambo mfumu atationa tikulowa pampanda anayamba ayang'ana m'manja mwa agogo ngati muli bokosi lina, ataona kuti mulibe anatipatsa mpando. Anamvetsera, anaganiza, n'kufunsa agogo kuti kodi akameza malovu Lamlungu m'mawa amati adya. Agogo anati ayi. Anafunsa ngati magazi a m'thupi mwawo sanachokere ku chakudya cha chaka chatha. Agogo anati mwina. Abambo anati chimene chimaswa kusala ndi chimene munthu watenga kunja n'kuika m'kamwa, koma chimene chakhala m'thupi miyezi mpaka kusanduka mwala si chakudyanso, ndi aNankhoma amene. Agogo anafunsa za madzi ochukuchira, kuti nanga dontho likatsika. Abambo anati madzi saswa kanthu, ngakhale atamwa mtsuko wonse. Agogo anafunsa za mcherewo. Abambo anayang'ana kumwamba kanthawi.

"Agogo," anatero, "Ambuye akhala akukudikirani kuguwa nthawi yonseyi, inu mukuwerenga mchere. Pa Pasaka mubwere, ndipo muyambitse nyimbo, chifukwa makutu anga avutika mokwanira."

Kuyambira m'mawa mwake mudzi wathu unasiya kudzutsidwa ndi tambala. Agogo ankaima pakati pa bwalo, kapu m'manja, mutu chagada, n'kuyamba, gwararara, gwararara, agalu kuuwa, ana kuthamangira kudzaona. Posakhalitsa anatulukira kuti munthu angathe kuchukucha motsatira nyimbo, ndiye ankachukucha ndime yonse, kulavula, kuyamba ndime yachiwiri. Timiyala tina tinkatuluka pomwepo n'kugwera pafumbi, ndipo nkhuku, zomwe zimatola chilichonse, zinkayang'ana n'kupitirira. Fungo linachepa. Pamphasa ndinayamba kugona osatembenukira kukhoma.

Tsiku la Pasaka tinanyamuka mudzi wonse, aNajere ali pambuyo pathu penipeni kuti asaphonye kanthu. Agogo anaimba kuyambira padambo. Tinafika pachitunda chija, denga la tchalitchi linaonekera, ndipo agogo anatsokomola. Nyimbo inaduka. Anthu anaima. Ndinaona akuyang'ana pachikhatho monga kale, ndinaona pakhosi pawo pakugwedezeka ngati kena katsika, ndinaona dzanja likuyamba ulendo wopita pakamwa. Linafika pachibwano, linaima. Agogo anatembenuka, anatambasula chikhatho pamaso pa aNajere, anthu onse akuona. Kang'ono, koyera.

"Tchimo langa lija ndi ili, amzanga," anatero. "Mukafuna kulidziwa bwino, linunkhizeni."

ANajere anati akhulupirira osanunkhiza. Agogo anakaponya m'thengo, anaitola nyimbo pomwe inadukira, ndipo sanaisiye mpaka pakhomo la tchalitchi. Nthawi yolandira anadzuka oyamba, anayenda pang'onopang'ono, manja pachifuwa, pakamwa posaphimba. Pobwerera pamalo pawo ankalira ndi kumwetulira nthawi imodzi.

Panjira yobwerera a Benedikito ankayenda pambuyo, mutu pansi, ngati munthu amene wagulitsa ng'ombe usiku wa tsiku lomwe mitengo ikwere mawa. Tili pafupi kufika anafunsa motsitsa ngati nkhani yonse ija inali kamwala basi, osati mkwiyo. Agogo anati mkwiyo panalibe, koma tsopano popeza za mbuzi zamveka, akambirana akafika kunyumba.

Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akuchukucha, akuimba, akulandira. Timiyala sitinatheretu, tinkabwera mwa apo ndi apo, iwo n'kumatipatsa moni ngati alendo odutsa. Tsiku limene tinawaika, kwaya zinabwera za midzi yonse yozungulira, nyimbo kuyambira pasiwa mpaka kumanda osapumira, ndipo amene anayambitsa anali aNajere, ndi mawu awo omwe aja, akulira ngati mwana.

Ine kapu ya agogo ndilibe, inabooka kalekale, koma m'mawa uliwonse ndimaima pabwalo ndi yanga, mutu chagada, ndipo adzukulu amati agogo ayamba injini. Ndikaona munthu akuyankhula dzanja lili pakamwa, sindifunsa kuti walakwa chiyani, ndimamuitanira kuseri n'kumuuza kuti ayasamule. Tadala yekha ndi amene anandizemba ndi masiki ake. Loweruka atabwera ndinamuvula ndekha, ndinamununkhiza pakamwa anthu akuona, ndinamuphunzitsa kuchukucha ndime yonse osapumira, ndipo anaseka mpaka madzi anatulukira m'mphuno, mano onse ali panja, mano okongola aja tinawasowa kuyambira mvula zoyamba.

Loweruka lomwelo bwalo langa linadzaza ndi odzakondwera naye. Anabwera Rozina amake, atasenza lichero la zitumbuwa. Anabwera Yohane, mnyamata wa njinga uja, anakhala pafupi ndi Tadala, pafupi kwambiri mpaka ndinachita kutsokomola. Anabwera aNabanda ndi mwana kumbuyo, anabwera a Lukasi ndi ng'oma yawo yong'ambika, anabwera aChe Amina a pagolosale ku Madisi ndi paketi ya mchere yoti ndi mphatso ya ukwati. Anabwera Felista, anabwera Agatha, anabwera Esinati wa kwa Msakambewa ndi mapasa ake Pilirani ndi Mphatso. Anabwera a Sitefano osaitanidwa monga mwa masiku onse. Anabwera Veronika, mdzukulu wa aNajere, n'kuyambitsa nyimbo ndi mawu a agogo ake enieni, ndipo tinamulola. Ndi ine Marita, mdzukulu wa aNankhoma, ndinalipo, pakamwa pali yasa.